Denga Limene a Eneya Anasasula Okha

Kwathu kuno ku Nazombe, mphepo ikasasula denga, anthu sayamba ndi kulira. Amayamba ndi kufunsa kuti a Eneya ali kuti.

A Eneya ndi kalipentala wachikulire, wamfupi, wogontha khutu limodzi chifukwa cha phokoso la malata. Ntchitoyi anaiphunzira ku esiteti ya tiyi ku Mulanje ali mnyamata. Lamulo lawo ndi limodzi basi: nyumba ya munthu sigona pamtetete. Sadikira kuitanidwa, ndipo ukawaletsa amakutembenuzira khutu logonthalo.

Ine ndine Rosemary, mphunzitsi wa pulayimale. Nyumba yanga ndinamanga kudzera ku bungwe lathu la aphunzitsi, ndipo bungwelo linaiika pa inshuwalansi. Lachitatu lina mu Januwale, ndili m'kalasi, chimphepo chinatsika m'phiri n'kunyamula theka la denga, kukalitaya m'munda wa chimanga. Nditaimba foni ku kampani ya inshuwalansiyo, anandiuza kuti: "Musakhudze chilichonse. Tikutumiza munthu Lachisanu kuti adzaone." Ndinatenga ana n'kupita nawo kwa mchemwali wanga ku Chiwalo.

Pobwerera Lachinayi madzulo, mayo ine! Denga lili phee pamwamba. A Eneya anali atatola malata onse, kuwawongola, kumata mong'ambika ndi phula, n'kukhomanso. Mapaso othyoka anangowamanga ndi waya. Iwo ali khale pakhonde, akudikira zikomo.

"Mwandipha, bambo!" ndinakuwa. "Ndani wakutumani?"

"Mumafuna matilesi avunde?" anandifunsa.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ngakhale iwo ankadziwa kuti denga lazigambalo silingapirire mphepo ina. Ndinkafunika malata ndi mapaso atsopano, ndipo popanda kampaniyo sindikanawapeza.

Lachisanu chakumasana kunafika bambo wa kampani panjinga yamoto, dzina lake Goodman. Anazungulira nyumba kamodzi, n'kuima.

"Mayi, nyumba yowonongekayo ndi iti?"

Ndinafotokoza mpaka kukamwa kuuma. Anthu oyandikana nane anachitira umboni, koma aa, ngati akulankhula ndi chitsa.

"Ine ndimalemba zimene ndaona," anatero a Goodman. "Ndipo pano ndikuona denga."

Anatseka fayilo, n'kutola chipewa chawo cha panjinga. Nthawiyo mitambo inali itada bii pamwamba pa phiri, kamphepo kozizira katayamba kugwedeza chimanga. 

A Eneya anang'ung'udza china chake m'Chilomwe, n'kutsamiritsa makwerero kukhoma. Atafika pamwamba anatembenuza hamala, n'kuyamba kuzula misomali imene anakhoma dzulo lake. Lata loyamba analitsitsa pamapazi pa mlendoyo.

"Onani apa, achimwene. Msomali sung'amba chonchi, yang'amba ndi mphepo. Dothi ili ndi la m'munda umo. Kwerani mudzaone mapaso."

A Goodman anayang'ana kumwamba, anayang'ana njinga yawo, kenako anaika chipewa pansi n'kukwera makwerero aja. Lata lachiwiri, lachitatu, lachisanu. Chipinda changa chogona chinatseguka ngati dengu. Kunagunda bingu, a Goodman akujambulabe ndi foni.

"Chabwino, ndalemba," anatero potsika. "Koma musakhomenso mpaka akuluakulu anga avomereze. Mwina abwera kudzaona okha."

Njinga isanazimiririke, madontho oyamba anayamba kugunda malata amene anali pansi. A Eneya anali akadali pamwamba, misomali ili kukamwa, dzanja litatambasulidwa kuti wina awapatsire lata. Anandiyang'ana. Ndinadziwa chimene akupempha, ndipo mtima unandiwawa zedi.

"Tsikani, bambo," ndinatero.

Anatembenuza khutu logontha lija. Ndinazungulira mbali inayo, n'kugwira makwerero.

"Ndati tsikani, a Eneya. Chonde."

Malata atsopano anabwera patatha masabata atatu, ndipo anakhoma ndi iwo omwewo. Koma za tsiku lokhomalo sindikumbukira zambiri. Chimene sindiiwala ndi Lachisanu lija. Ine ndi oyandikana nane aja tinathamangira m'nyumba kukakoka matilesi ndi makope a ana asukulu. Nditasuzumira panja, ndinaona a Eneya ataima pabwalo okhaokha, hamala ili m'manja, atanyowa thupi lonse, akuyang'ana mvula ikulowa m'chipinda changa. Ndinawaitana katatu kuti adzabisale, ndipo ulendo uno khutu labwino ndi limene linali mbali yanga. Sanasunthe.