Pikapu ya Lufina, Dzina la Esnath

Inu amene mavuto akupanikizani mpaka kuganiza kuti madalitso onse anathera kwa anzanu, imvani za mayi wina wa pa Nsipe, dzina lake Lufina.

Tsiku limene nkhaniyi ikuyambira, Lufina anali chiimire pabwalo la polisi ku Ntcheu, akuyang'ana chimene dzulo lake chinali pikapu yake. Inali itapindika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe. Thiraki yonyamula simenti inaduka mabuleki potsetsereka n'kuiomba kumbuyo. Kachewere yense amene anakapikula kumapiri anamwazikira mumsewu, anthu n'kutola aliyense wake. Mwamuna wake Yoramu, amene ankayendetsa, anali gone m'chipatala mwendo uli m'chikhakha.

Pikapu imeneyo sinagwe kumwamba. Lufina anaigula ndi thukuta la zaka zambiri, akuthamangira mabasi ndi ndowa ya kachewere pamutu. Anaigula kwa Esnath, mwana wa mayi ake aakulu, amene mwamuna wake Kingston anapita ku Joni.

Tsono apa ndisapsatire. Lufina ankamuchitira nsanje Esnath, nsanje yosagoneka nayo tulo. Zinayamba ali ana. Bambo ake a Esnath anagwirapo ntchito kumigodi, ndiye kwawo kunali malata ndi wailesi pamene kwa a Lufina kunkadontha. Atakula, Esnath ankalowa m'tchalitchi mochedwa, nsapato zikulira pasimenti, mafuta akununkhira mpaka kuguwa. Mwina ankangochedwa ngati munthu wina aliyense, koma Lufina ankalumbira kuti amachitira dala kuti iye aone.

Pogulana pikapu ija, Yoramu ananena kuti akasinthe dzina mu bulubuku, buku losonyeza mwini galimoto. Amalume awo a Lufina ndi Esnath anakwiya.

"Pachibale mpaka mapepala? Mukufuna anthu anene kuti ana a mimba imodzi sakhulupirirana?"

Anangogwirana chanza, n'kupha nkhuku, nkhani n'kutha. Dzina la Esnath linatsala m'bukumo.

Ngozi itachitika, lipoti la apolisi linanena poyera kuti wolakwa ndi wa thiraki, ndipo kampani ya inshuwalansi ya thirakiyo ndiyo iyenera kulipira. Lufina anamanga chitenje chake chabwino, ulendo wa ku Blantyre, mtima uli m'malo.

Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana mapepala, kenaka anayang'ana Lufina.

"Mayi, inu ndinu a Esnath?"

"Ayi, ine ndine Lufina. Galimotoyo ndi yanga."

"Apa mwini wake ndi a Esnath. Ife timalankhula ndi mwini galimoto. Abwere okha."

Dzina limene Lufina ankadana nalo kumudzi linali litamutsogolera mpaka mu ofesi ya eni ake. Iye ndiye anasenza ndowa, iye ndiye anagulitsa mbuzi, koma pepala linkadziwa Esnath. Anatuluka misozi ikulengeza.

Kwa Esnath sanapite. Anayesa njira zina zonse. Anabwerera ku ofesi ija ndi amalume aja kuti akachitire umboni, koma anauzidwa kuti pakamwa si umboni. Anatenga chithunzi chimene anajambulitsa atatsamira pikapu tsiku loigula. Mtsikana uja anabisa kuseka. Ulendo wina anauzidwa kuti abwana atuluka, ulendo wina kuti fayilo ili kwa woyeza kuwonongeka kwa galimoto, ndipo iyeyo ali kumaliro.

Anabwerera pamsewu ndi ndowa yake yakale. Azimayi anzake a pamsika ankam'patsa moni wautali wa chisoni, koma akangopotoloka ankanong'onezana kuti anafulumira kukwera. Chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali chimenecho. Chinali chakuti Esnath sanaponde n'komwe kuchipatala kukaona Yoramu, ndipo Lamulungu lililonse nsapato zija zinkalirabe.

Kenaka a kampani anamuuza mawu omaliza: mwini galimoto akapanda kuoneka mwezi usanathe, fayilo itsekedwa.

Yoramu, ndodo zili pambali, anamuyang'ana mkazi wake.

"Mayi a Sungani, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani kwa achemwali anu."

"Ndikagwade kwa iye uja? Ndiye kuti ndam'patsa nkhani yoseka chaka chonse."

"Aseke. Kuseka sikuthyola mwendo. Ine wanga wathyoka kale."

M'mawa mwake Lufina anapita kwa Esnath. Pageti panalibe woyankha, choncho anazungulira kuseri. Anapeza Esnath atakhala pansi, chitenje chong'ambika, akutong'ola chimanga chochepa m'lichero. Chitseko chinali chotsekula, ndipo m'nyumba muja, mmene Lufina ankaganiza kuti muli mipando yofewa, munali mphasa ndi mpando umodzi.

Koma nsanje simva zoona ndi maso. Lufina analankhula zimene anakonza panjira.

"Achemwali, ndabwera kuti mundiseke bwinobwino. Galimoto inaphwanyika, ndipo a inshuwalansi akuti ine sakundidziwa, akudziwa inu. Zonse zimakudziwani inu."

Esnath anaseka pang'ono, kuseka kuja n'kusanduka misozi.

"Khala pansi, Lufina. Kingston anakwatira komweko, ndipo foni anasintha. Pikapu ija ndinagulitsa chifukwa cha njala. Mipando inatsatira. Nsapato zimene umamva zija ndi zomwezija, ndimangozipukuta Loweruka."



"Ndipo usaone ngati ndine woyera," anapitiriza Esnath. "Ndikamaona Yoramu akukutsitsira matumba, mukuseka muli awiri, mtima umandiwawa. Tsiku la ngozi, kamtima kena kanati zamuchita bwino. Ndinachita manyazi ndi kamtima kameneko, n'chifukwa chake sindinabwere kuchipatala."

Taonani zimene nsanje imachita. Anthu awiri anatha zaka akusirirana, aliyense akulirira chimene mnzake akulira nacho. Lufina anakhala pansi n'kutenga chimanga, nayenso n'kuyamba kutong'ola.

Lolemba anakwera minibasi limodzi, Esnath atavala nsapato zija. Musaganize kuti zitseko zinangotseguka zokha. A kampani anafuna chiphaso, kenaka anafuna mitengo yokonzera galimotoyo yochokera kumagalaja, kenaka anatchula ndalama zoti sungagule nazo ngakhale matayala. Lufina anatsala pang'ono kuvomera chifukwa cha kutopa. Esnath anamutsina.

"Bambo," anatero Esnath kwa mkulu wa mu ofesimo, "m'bale wangayu wayenda msewu umenewu mpaka makondakitala akumudziwa dzina. Munafuna mwini wake, ndabwera. Tikhala pabenchi lanuli mpaka muyezenso."

Anakhaladi. Ankagona kwa m'bale wina ku Ndirande, m'mawa n'kulawirira pabenchi paja ndi kachewere wowiritsa m'kathumba. Aliyense wolowa ankawafunsa chimene akudikira, iwo n'kumufotokozera mwaulemu koma mokweza. Pamapeto pake woyeza uja anapezeka, anapita ku Ntcheu kukaona galimoto ndi maso ake, ndipo kampani inavomera kulipira moyenera.

Panatsala yesero limodzi. Ndalamazo zinayenera kulowa mu akaunti ya Esnath, munthu amene m'nyumba mwake munatsala mphasa. Masiku akupita, kachilombo kakale kaja kanadzukanso mumtima mwa Lufina. Kanamuuza kuti wapusa, kuti Lamulungu likubwerali amva nsapato zatsopano.

Anali akuthamangira basi ndi ndowa pamene wina anamugwira paphewa. Anali Esnath, fumbi mpaka m'maondo, nsapato zili m'manja chifukwa chidendene chimodzi chinali chitathyoka panjira.

"Tula ndowayo. Zalowa. Tiye kubanki ukatenge zako zisanandiyese."

Lufina analira pamsika pomwepo, azimayi onong'ona aja akuona.

Lero mukadutsa pa Nsipe mudzaona pikapu ina yoyera, yakale ndithu koma yolimba. Yoramu amayendetsa, ngakhale amatsimphina. Lufina amapikula kachewere kumapiri, Esnath amakagulitsa ku Blantyre, ndipo m'nyumba muja mwabwereranso mipando. Tsiku logula galimotoyo, amalume atayambanso nkhani ya nkhuku ndi kugwirana chanza, anali Esnath amene anawayankha.

"Nkhuku tidya, amalume. Koma tiyambe tasintha dzina."

Tsono inu amene mukuwerenga, ngati a inshuwalansi akukuzunguzani, musatope. Bwererani, funsani, khalani pabenchi mpaka akumveni. Mukagula galimoto, ngakhale kwa m'bale wa bere limodzi, sinthani dzina tsiku lomwelo. Ndipo ngati pali khomo limene nsanje yakuletsani kugogoda, dzukani mukagogode. Lufina anatsala pang'ono kutaya thukuta lake lonse chifukwa choopa kulira kwa nsapato zakale. Osataya mtima, ndiponso osataya m'bale.