Dengu la Anthu Awiri

Mwana wathu wamkazi ndiye anayambitsa zonsezi. Titakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu m'banja, anabwera kunyumba kwathu ku Partick ndi envulopu yofiira, n'kutiuza kuti titsegule tonse awiri. Mkatimo munali tikiti yokwerera baluni, chibaluni chachikulu chija chimauluka ndi moto anthu ali m'dengu kunsi kwake. Pachithunzi panali mzungu ndi mkazi wake atafunda bulangete limodzi, mapiri kumbuyo kwawo atayera mbee. Unali ulendo wa anthu awiri okha okondana, nyengo yozizira, dzuwa likutuluka.

Bambo ake anaitembenuza tikitiyo n'kuwerenga kumbuyo ngati bilu ya magetsi. Kenako anati, "Zikomo, mwanawe." Basi.

Mwanayu anabadwira konkuno ku Scotland, mumzinda wa Glasgow momwe tinkakhala. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi chakuno chija chomwe mpaka lero ndimachita kutchera khutu. Ananditsatira kukhichini n'kundiuza mosapsatira kuti watopa kutiona tikukhala ngati anthu ongogawana lendi. Ndinamukalipira, chifukwa si nkhani yoti mwana n'kumauza make. Koma sananame.

Amuna anga amayendetsa basi. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Iwo akamalowa, ine ndikutuluka. Nkhani zathu zinali timapepala tomata pafiriji: mkaka watha, gasi abwera kudzaona Lachinayi. Sanandimenyepo, sananditukwanepo, ndipo kutchalitchi kwathu mukafunsa za iwo mudzamva zabwino zokhazokha. Wina akafuna kutengedwa kubwalo la ndege, ndi iwo. Sofa yofunika kukweza pamasitepe, ndi iwo. Wobwera kumene wosowa pogona, pabalaza pathu. Pofika kwa ine amakhala atatheratu, mawu ndi mphamvu zomwe.

Chaka chimenecho ndinapeza ntchito ina kutali kumpoto, ku Inverness, yosamalira gogo wina wachizungu, kugona konko. Ndinkadziwa bwinobwino tanthauzo lake. Ife sitisudzulana, timangoti mayi ali kuntchito, zaka n'kumapita. Kalata ya ntchitoyo ndinaiika patebulo, pansi pa mbale ya shuga, dala. Masabata atatu bambo ankanyamula mbaleyo m'mawa uliwonse, kuthira shuga mu tiyi, n'kuibwezera pakalata pomwepo. Osafunsa ngakhale kamodzi.

Ndiye ndinapangana ndi mtima wanga. Ndinati tikakwera m'dengumo awiriwiri, iwo n'kundiuza kanthu, kalikonse, ngakhale kungoti "mwazizidwa?", ntchito ija ndiikana. Akakhala duu mpaka kutera, ndipita. Lolemba lotsatira ulendowo ndinkayenera kupereka yankho.

Chomwe chithunzi chija sichinena n'chakuti baluni siuluka kukakhala mphepo kapena mvula. Ndiye tangoganizani, ku Scotland! Umaimba foni madzulo a dzulo lake kuti umve ngati kuli ulendo. Kanayi konse tinauzidwa kuti pepani, nyengo sili bwino. Kanayi konse ndinali nditachonderera anzanga kuti tisinthane mashifiti, n'kumabweza ndi Masabata anga, miyendo itatupa. Pofika kachisanu ndinali nditatopa nayo baluni ndisanaione n'komwe. Koma Lachisanu limenelo kunja kunali zii, kumwamba kopanda kamtambo, kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo anatiuza kuti mawa tibwere.

Nditafika kunyumba masana ndinapeza nsapato zachilendo pakhomo. Pabalaza panali amalume awo a bambo, amene anali nkhoswe yawo paukwati wathu. Amakhala kwa mwana wawo ku Manchester, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, wosavula tayi ngakhale pakudya. Ndinagwada n'kuwalonjera, ndinaphika, ndinawayalira. Sindinadabwe kwambiri. Kunyumba kwathu kuja alendo ankangofika ngati kudepoti.

M'mawa tinanyamuka kusanayere, amalume kutsogolo, ine kumbuyo ndi fulasiki ya tiyi. Ndinkati akupita kukaonerera. Tinafika padambo lina cha ku Lanark, udzu utauma gwa ndi chisanu, ukulira pansi pa nsapato. Chibaluni chinali chitagona pansi, anthu akuchiuzira mphepo, kenako moto, mpaka chinadzuka n'kuima chachitali kuposa tchalitchi chathu.  Ndinali nditadzola ndi lipisitiki yemwe, ine mayi wa Mvano.

Woyendetsa anali mayi wachizungu wamasaya ofiira. Anaitana kuti banja lathu libwere. Bambo anandilanda chikwama changa mwaulemu, n'kunena akuyang'ana pansi.

"Mayi, mukwera ndi amalume. Ndi alendo, sangachoke kutali konse kuja n'kumangoonerera."

Abale inu! Ndinawayang'ana, ndinayang'ana amalume, amalume akuyang'ana nsapato zawo. Zaka zonsezi ndili kuno, ndimakangana ndi madokotala m'Chingerezi, koma pamaso pa munthu wamkulu wakuchimuna pakamwa panga panangotsekeka. Woyendetsa uja anandifunsa kawiri ngati ndi mmene tafunira. Ndinati inde. Inde ameneyo ndimadana naye mpaka lero.

Dengulo ndi laling'ono, malo a anthu awiri ngati mpando wa minibasi. Amalumewa sindinakhalepo nawo pampando umodzi, madzi ndimawapatsa nditagwada. Lero mapewa akugundana. Tinatembenukirana misana, iwo kuyang'ana kum'mawa, ine kumadzulo. Bulangete linali limodzi monga pachithunzi paja. Ndinawapatsa, anakana. Anandipatsa, ndinakana. Linangokhala lopachika m'mphepete mwa dengu ulendo wonse. Woyendetsa anatipatsa tichokoleti tooneka ngati mitima, amalume anathokoza n'kuika m'thumba la jekete kuti akapatse adzukulu.

Sindinamve n'komwe kuti tanyamuka. Ndinangoona pansi pakuchoka. Bambo anali ataima pakati pa dambo, chikwama changa chili pamkono, akubayibitsa ndi manja onse awiri, akucheperachepera.

Kukongola kunali kukongola ndithu, ndipo zinandipsetsa mtima. Minda yoyera, nkhosa ngati mpunga wotayika, mtsinje ukufuka nthunzi, dzuwa likutuluka lofiira. Kutali uko kunkaoneka mzinda. Ndinayesa kufufuza ku Sighthill, komwe tinafikira titangobwera, m'nyumba zosanja zija anazigwetsa. Tinkakhala pamwamba kwambiri, chikepe chikumafa, ndipo tinkaima pawindo titafunda jekete imodzi bambo akundilozera misewu yomwe aphunzira tsiku limenelo. Nthawi imeneyo ankalankhula mpaka ndinkachita kuwaletsa.

Amalume anatsokomola kumbuyo kwanga.

"Apongozi," anatero, "mwana wathu uja, mwamuna wanu, anatiimbira foni. Akuti waona kalata."

Pomwepo woyendetsa anatsegula moto, fooo! Amalume anadikira mpaka utazima.

"Akuti sakudya bwino. Akuti sakudziwa chomwe analakwa, koma chilichonse chomwe analakwacho…"

Fooo! Anadikiranso. Ndinacheuka pang'ono n'kuona kuti agwira chingwe ndi manja onse, maso atatsinzina. Munthu wamkulu ankaopa kufa, koma uthenga anaugwirabe.

"…akupepesa. Akuti musapite."

Apa m'pamene ndinamvetsa. Si ulemu wa alendo ayi. Amuna anga anatumiza nkhoswe. Mphatso ya mwana wathu, bulangete limodzi, tichokoleti ta mitima, iwo anaona kuti ndi bwalo labwino lokambirapo mlandu. Ndinayamba kuseka, kenako ndinapezeka ndikulira, lipisitiki ndi mamina zonse pamodzi. Woyendetsa, wosamva kanthu, anangoyang'ana kumwamba m'chibaluni mwake.

"Amalume," ndinatero, "pakamwa pawo pali chilonda?"

"Mukumudziwa, apongozi. Mawu amamukanika."

"Nanga osakambira kunyumba bwanji?"

"Akuti kunyumba nkhani ikati iyambe mumadzuka n'kupita kukhichini. Akuti muno simungathawe."

Zimenezo zinandibaya, chifukwa zinali ndi choonadi chake. Komabe mkwiyo unali utakwera kale.

"Nkhoswe yanga ili ku Ntcheu," ndinatero. "Ndi mlandu wanji wokambidwa mbali imodzi, mumlengalenga, mwini wake ali pansi atanyamula chikwama?"

Amalume anapuma mozama. "Ndinamuuza zomwezo," anatero. "Ndinati iwe, izi si zake. Koma analira pafoni, ndiye ndikanatani?"

Analira pafoni. Zaka makumi awiri ndi zisanu sindinaonepo msozi wawo, ngakhale pamaliro a mayi awo. Anatha kuimba ku Manchester, kugula tikiti ya basi, kusunga chinsinsi sabata yonse, kulira kumene. Chomwe chinawakanika ndi kunyamula mbale ya shuga n'kundifunsa kuti mayi, ichi n'chiyani.  Ndinangomva kutopa, kutopa koposa kwa mashifiti onse aja.

Potera woyendetsa anatiuza kuti tinjute ndi kugwira zolimba. Dengu linagunda pansi, linadumpha, linakhwekhwereza pa udzu. Amalume anakuwa kuti "Yesu!" n'kundigwira mkono, ndipo titaima anapepesa katatu. Panali timatambula tiwiri ta vinyo, monga mwa mwambo wawo anthu akatera. Amalume anakana. Ine amene sindimwa ndinamwa tonse tiwiri.

Bambo anafika pagalimoto ya anthu otsatira baluni. Anatsika akuthamanga, chikwama chidakali pamkono. Ndinawayang'ana kumaso, ndipo ngakhale pamenepo ndinali ndidakali ndi kachiyembekezo. Koma maso awo anapitirira ine n'kukafika kwa amalume, kufunsa kuti zayenda bwanji. Amalume anapukusa mutu pang'ono. Pobwerera m'galimoto munali zii, iwo awiri kutsogolo, ine kumbuyo, tiyi wa m'fulasiki osamwedwa.

Lolemba ndinavomera ntchito. Mwana wathu nditamufotokozera anakwiya kwambiri, anafuna kukawazazira bambo ake, koma ndinamuletsa. Ndi bambo ake ndithu.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza kudepoti ya mabasi m'tauni, atavala yunifolomu chifukwa ankalowa masana. Ananyamula sutikesi yanga n'kuiika okha kunsi kwa basi, n'kuikankhira mkati bwinobwino kuti isagwedezeke. Anthu onse atakwera tinatsala awiri pakhomo.

"Mayi," anatero, "wokwera m'dengu muja ndikanakhala ine."

"Inde, bambo. Mukanakhala inu."

Ndinadikira. Dalaivala anatiyang'ana, ndinadikirabe, phazi limodzi lili pasitepe. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana matayala a basi.

"Mukafika muimbe," anatero.

Ndinakwera n'kukhala kuwindo. Anaima pomwepo akubayibitsa ndi manja onse awiri monga padambo paja, mpaka tinakhota.

Nditafika ku Inverness ndinaimba. Anayankha isanamalize n'komwe kulira.

"Mwafika?"

"Ndafika."

Kenako tinangokhala duu, aliyense foni ili kukhutu, ndikumva kupuma kwawo, ndipo palibe amene anafuna kuyamba kudula.