Wokonza Mawotchi ndi Kambalame Kawo

Bambo wokonza mawotchi kumapeto kwa msewu uno sakonda macheza pa ntchito, ndipo bodza amadana nalo ngati dzimbiri. Makutu awo atopa, ndipo sabisa. Pawindo la kashopu amasunga kambalame m'khola la waya. Akakonza wotchi ya pakhoma amaipachika pafupi nako, ndipo kamaimba motsata kugunda kwake ngati wovina wotsata ng'oma.

"Ife timangomva kugunda," amatero, "koma aka kamamvanso kampata ka pakati."

Tsiku lina mwana wawo wamkazi anafika atalimba mtima. "Bambo, munthu wosamva odi pakhomo angakonze wotchi? Wotchi ya aphunzitsi mwakonzayi ikabwezedwa kuti sikuyenda bwino, shopu mutseka, mukapume kwathu."

Iwo anaipachika wotchiyo pafupi ndi khola. Kambalame kanayamba nyimbo, kenaka kanadukiza, kakupendeketsa mutu.

"Ikuyenda bwinobwino iyi," anatero mwanayo, khutu lili pagalasi.

"Iwe ndi ine ikutinamiza."

Anaitsegulanso, n'kupeza dzino limodzi la kagudumu litapindika pang'ono. Analiwongola mosamala, n'kuipachika. Kambalame kanatulutsa nyimbo yonse osapumira, mpaka telala wa khomo loyandikana anasuzumira.

Mwanayo anaseka mpaka misozi. "Ndiye mmisiri ndani pano, inu kapena kambalameka?"

"Aka kalibe zala, ine ndilibe makutu," anatero bambowo akupukuta magalasi. "Tikaphatikizana timakwana munthu mmodzi. Utitenge tonse, kapena utisiye tonse."

Mawa lake mwanayo anabwera ndi khola lalikulupo, n'kuliika pawindo la kashopu kaja.