Ulimbo pa Mtengo wa Pichesi

"Imwe ba Kachingwe, nyoni zakulakwirani chani?"

Anakuwa choncho a Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene ndimagona naye chipinda chimodzi ku Al Qusais, kuno kunja kumene tinabwera kudzagwira ntchito. Ndinali nditangomenya theche kambale ka madzi ndi mpunga pakhonde, chifukwa njiwa zinali zitanyera yunifolomu yanga pa chingwe. A Tembo anathyoka mwendo kuntchito, ndipo mwezi wonse wa Januwale ankangokhala pakhondepo atavala juzi, n'kumadyetsa mbalame. Ndinawayankha zamwano, ndinati akafuna ziweto abwerere kwawo. Iwo anangoti, "Khalas, zatha," n'kuyamba kutola mpunga ndi ndodo yawo. Nditaona ndodo ija ikukwekwereza pansi, ndinakumbukira bambo anga.

Ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Dedza, chaka chimene bambo anadwala chifuwa chachikulu. Juni wa chaka chimenecho anazizira moti m'mawa udzu wa kuseri kwa nyumba unkayera ngati wina wawazapo ufa, ukauponda n'kumalira tswatswa. Zala zinkakana kumanga mabatani. Nyumba yonse inkanunkha utsi wa paini ndi bulangete la bambo, limene mayi ankalephera kulichapa poopa kuti siliuma.

Bambo anali ocheka matabwa, munthu wa macheza, koma atayamba kutsokomola anzawo a bawo anasiya kubwera. Anali ndi kapu yawoyawo ndi mbale yawoyawo. Ife ana tinauzidwa kuti tisamawayandikire. Dzuwa likatuluka ankakoka mpando kupita pansi pa mtengo wa pichesi, umene unali utayoyola masamba onse, ali ndi gaga m'chitini.

Mbalame zinkabwera mwa dongosolo lake. Mpheta ndizo zinkayamba, zitafufumitsa nthenga ngati timipira, zitandandalika pa nthambi ya kum'mawa kudikira kuti zifundidwe. Kenako njiwa ziwiri, zoyenda mogwedeza mutu. Pomaliza pumbwa wina wothothoka mchira, amene ankathamangitsa anzake onse ngakhale chakudya chinali chokwanira. Bambo anamutcha Kapitawo. Pofika Julaye, mbalamezo zinkatola gaga pakati pa mapazi awo, ndipo ndinkamva bambo akuzilankhula motsitsa, nthawi zina n'kuseka mpaka chifuwa kuwagwira.

Ine ndinkaona ndiwo basi. Ndinali nditatopa ndi mpiru, ndipo zinkandipsetsa mtima kuti munthu amene sankandifunsa n'komwe za kusukulu ankacheza ndi pumbwa.

Lachiwiri lina amalume anawatenga bambo panjinga kupita kuchipatala. Ndinajomba kusukulu. Ndinapaka ulimbo pa timitengo, n'kutimangirira pa nthambi ya kum'mawa ija, tina pansi pafupi ndi mpando. Ndinawaza gaga wa m'chitini chawo chomwecho, ndiye ndinafunda bulangete lawo n'kukhala pampandopo. Sindinadikire nthawi. Zinabwera monga mwa masiku onse, osaopa chilichonse. Ndinagwira khumi ndi imodzi, Kapitawo ali pomwepo, ndipo ndinakaziwotcha kudimba ndekha.

M'mawa mwake bambo anawaza gaga n'kudikira. Mpheta zingapo zinatera pa denga la khola, koma sizinatsike. Patapita nthawi anawerama, n'kukoka ndi ndodo kamtengo kamene ndinaiwala pansi pa mpando, kali ndi tinthenga tomatirira. Anakayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaima pakona ya nyumba, ndikudikira kuitanidwa ndi kukwapulidwa.

"Unathira mchere?" anafunsa osatembenuka.

Ndinati eya.

"Chabwino. Wandewu uja ukanamusiya."

Anathera pomwepo. Mayi sanauzidwe. Bambo anapitiriza kutuluka ndi chitini chija tsiku ndi tsiku, gaga n'kumadyedwa ndi nkhuku za eni. Sindinawamvenso akuseka kuseriko. Anamwalira mu Ogasiti, pichesi atangoyamba maluwa.

Nthawi imeneyo ndinkati ndapulumuka chikwapu, ndipo ndinakondwa. Ndinkaganiza kuti mbalame ndi za aliyense, wozigwira ndiye mwini. Zakuti alendo okhawo amene sankaopa chifuwa cha bambo anali amenewo, komanso kuti ndinawagwira nditavala bulangete la mwini nyumba, ndadzazimvetsa ndili ndi imvi kale, kuno kumene munthu ukadwala anzako onse amakhala ali pa shifiti.

Kupepesa sindikutha, ndi mmene ndilili. Kutacha, nditakangana ndi a Tembo dzulo lake, ndinatsikira ku golosale ya pansi, ndinagula beseni laling'ono ndi mpunga theka la kilo. Ndinathira madzi, ndinawaza mpunga, kenako ndinamasula chingwe pakhonde n'kukachimanga m'kati, pa zitsulo za bedi langa. A Tembo ankandiyang'ana ali chigonere. Ndinawakokera mpando pamalo pake n'kutsamiritsapo ndodo yawo. Pamene ndinkatuluka kuthamangira sitima ya Metro, njiwa imodzi inali pa waya wa nyumba ya kutsidya, isanaganize zotsika.