Kadontho Atakana Kudya

Anthu a mumsewu umenewo ankawatcha a Lumo, chifukwa ngakhale makina ometera atachuluka, iwo ndevu ankazipala ndi lumo basi. Kanyumba kawo kometera kanali pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi lothetheka pakona, ndi benchi ya anthu amene ambiri sankabwerera kumeta koma kudzamva nkhani. Pakamwa pa a Lumo sipankapuma, ndipo panalibe chimene ankachiopa.

Kunyumba kunali akazi awo ndi akalulu awiri. Ana atakula n'kupita kutali, mayiwo anagula tiana tiwiri ta akalulu, tonse tatikazi. Wotuwa anamutcha Dona chifukwa cha ulesi, woyera wa banga lakuda pamphuno anamutcha Kadontho. Khola linali kuseri kwa nyumba, pamthunzi, ndipo ankalisesa kuposa pabalaza.

"Amayi, nyama imeneyi malo ake ndi m'poto," ankatero a Lumo. "Inu mukuipesa ngati mwana wopita kusukulu?"

"Mudzangoyerekeza, m'kholamo mudzagona ndinu."

M'mawa wina mayi aja anagwa pampopi akutsuka mbale za akalulu. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atathawa. Mng'ono wa mayiwo anabwera kudzawasamala, ndipo bedi analikankhira pazenera kuti aziona khola.

Kuyambira pamenepo a Lumo anasanduka munthu wamantha. Foni ikalira ali pakati pometa, lumo linkanjenjemera m'manja, mpaka kasitomala wina anati, "Madala, khosi ndili nalo limodzi lomweli." Pobwerera kunyumba ankayamba aima pangodya ya msewu n'kumvetsera ngati kukumveka kulira.

Wodwalayo nkhope yake inkawala nthawi imodzi yokha, akamuikira Kadontho pabedi. Kaluluyo ankalowetsa mutu pansi pa dzanja lamanzere lija n'kukhala duu, kudikira kusisitidwa.

"Alamu," anatero mng'ono uja tsiku lina akuanika zovala, "achemwali akukhalira moyo tinyama timeneti. Akaluluwa atati afe, kaya."

Ananena mongocheza, koma mawuwo anawalowa a Lumo ngati munga. Anayamba kusamala akalulu aja mmene amasamalirira mlendo wolemekezeka. Ankawagulira buledi wofewa ndi mabisiketi, madeya osasowa m'mbale. Udzu ankauona ngati chakudya cha nyama yosakondedwa, komanso kokamweta kunali kutali. Akalulu ananenepa, iwo n'kumati zinthu zikuyenda.

Loweruka lina m'mawa anapeza Kadontho atadzipinda pakona, maso atatsinzina pang'ono. Dona anathamangira buledi, koma mnzakeyo sanasunthe. Anamuyandikizira tsamba pamphuno, iye anatembenukira kukhoma. Makutu anali ozizira, ndipo mano ankakukuta pansipansi ngati munthu womva ululu amene safuna kudzutsa anzake. A Lumo atacheuka, anaona maso a akazi awo pazenera.

Analowa m'nyumba akumwetulira mokakamiza. "Lero Kadontho wachita ulesi, amayi. Mumuona madzulo."

Mayi aja anawayang'anitsitsa, kenako anamenya matiresi ndi dzanja lamanzere. Anamenyanso. A Lumo anatuluka chofulumira ngati sanamve.

Anaboola katoni ndi sizasi, n'kuyalamo thaulo la kuntchito. Poika kaluluyo anakumbukira mmene mayi ankachitira, dzanja lina pachifuwa lina kumatako, osagwira makutu. Anazembera mbali ina kuti asadutse pazenera, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto.

Basi inadzaza, dzuwa likuswa mtengo. Katoni anaiika pamaondo, chala chili pabowo kuti azimva ngati mukadali mpweya. Pamphambano magalimoto anathithikana, basi n'kuima. Thukuta linawatsika m'khosi. Anatsegula pang'ono chivundikiro n'kumakupizira ndi chipewa.

"Madala, ndiwo zimenezo?" anafunsa bambo amene anakhala nawo pampando. "Mutigawireko mwendo."

Masiku akale akanamuyankha mpaka basi yonse kugwa ndi phwete. Tsiku limenelo anangopitiriza kukupiza. M'maganizo ankangodziona ataima pafupi ndi bedi, katoni yopanda kanthu m'manja, akufunafuna poyambira.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Anapapasa mimba ya Kadontho, anaunika mano ndi katochi, n'kumvetsera kwa nthawi imene a Lumo anaiona ngati chaka.

"Bambo, ndowe wachita liti komaliza?"

"Sindinayang'ane."

"Nanga amadya chiyani?"

"Zabwino zokhazokha. Buledi, mabisiketi, madeya."

"Udzu?"

"Udzu... mwa apo ndi apo."

Mtsikanayo sanawakalipire. "Mwachita bwino kubwera lero. Kalulu akasiya kudya, matumbo amakhala aima, ndipo sizodikira mawa. Mimba yake imayenda ndi udzu, makamaka wouma. Udzu womwewo ndi umene umaperesa mano kuti asatalike."

"Ndiye ndamupha ndine?"

"Sanafe. Gwirani apa."

Anamubaya jakisoni wa ululu, n'kumulowetsa madzi pansi pa khungu. Kenako anawaonetsa kudyetsa ndi sirinji yopanda singano: kuphwanya chakudya cha akalulu m'madzi ofunda, kulowetsa chakumbali kwa kamwa, pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Anati azimufunditsa, azimusisita mimba, ndipo mnzake asamusiye patali.

"Kulonjeza sindingalonjeze, bambo. Koma mukaona timibulu ta ndowe, mudziwe kuti matumbo adzuka. Akafooka kuposa apa, mubwere naye msanga."

Kunyumba anapeza mlamu wawo ali pakhomo, manja ali m'chiuno. "Alamu, mwathawa n'kundisiyira moto. Achemwali akana kudya, akana mankhwala. Aona kuti m'khola mwatsala mmodzi."

Pobisala panalibenso. A Lumo analowa ndi kaluluyo atamukulunga m'thaulo, nagwada pafupi ndi bedi.

"Amayi, Kadontho wadwala. Ndinakunamizani m'mawa. Adokotala akuti mwina achira, mwina ayi."

Anadikira kuti mwina mayi akomoka, kapena nkhope ipotokeratu. Koma dzanja lamanzere lija linangofunafuna mpaka linapeza mimba ya kalulu, n'kuyamba kusisita mozungulira. Milomo inalimbana kwa kanthawi.

"Uu... uu..."

Kaphokoso kameneka a Lumo anakhala akukamva masabata ambiri, makamaka akamadutsa ndi buledi, ndipo ankangoganiza kuti ndi kubuula kwa ululu.

"Uu... dzu."

Mlamu anagwira pakamwa. A Lumo anadzuka, natenga chikwakwa chimene chinachita dzimbiri kuseri kwa chitseko.

Tsiku lonselo linali la mantha okhaokha. Kadontho ankalavula zambiri kuposa zimene ankameza, chibwano chonse chili nyowe. Akatsinzina, a Lumo ankamugwedeza pang'ono kuti aone ngati akadalipo. Anayala nyuzipepala pansi m'chipindamo, n'kubweretsanso Dona, amene anadzagona mogundana ndi mnzakeyo n'kumamunyambita makutu. Nyuzipepala inakhalabe yoyera kumbali ya Kadontho. M'mawa mwake sizinasinthe. A Lumo anayamba kuganizira pokumba dzenje lomukwirira, kenako anadzitukwana chamumtima.

Chakumasana, akusakaniza chakudya china, anamva mlamu akuitana. Kadontho anali atasendera pamulu wa udzu, akukoka kamtsitsi kamodzi monyinyirika. Kumbuyo kwake kunali timibulu takuda, tating'ono, touma, tosaoneka bwino n'komwe.

A Lumo anatitola ndi zala, n'kupita nato pabedi pachikhatho ngati anyamula mikanda ya mtengo wapatali. "Amayi, taonani! Taonani izi!"

Mayi aja anaseka ndi theka la kamwa, misozi ikutsikira m'khutu.

"M'nyumba muno mwalowa misala," anatero mlamu akupukuta m'maso ndi nsonga ya malaya. "Alamu, musambe m'manja musanagwire kapu ya achemwali."

Kadontho anachira, ngakhale kuti anatenga nthawi kuti ayambirenso kudumpha. Mantha okha ndi amene sanawachoke a Lumo. Mpaka lero, akadzuka amayamba agwada pakhola n'kusuzumira pansi asanasambe n'kumaso komwe. Ntchito amaweruka dzuwa likadalipo kuti akamwete udzu kuseri kwa bwalo la mpira, kutali ndi msewu ndiponso ndi minda yopoperedwa mankhwala. Amauanika padenga, ndipo kumwamba kukangoda pang'ono amasiya munthu mutu uli theka n'kuthamangira kukaanula.

Chaka chotsatira Dona anafa ndi chotupa cha m'mimba. Ulendo umenewo a Lumo sanabise. Anakawauza akazi awo nthawi yomweyo, ndipo anamukwirira limodzi, mayi atakhala pampando pafupi ndi dzenjelo.

Pano mayiwo amayenda ndi ndodo mpaka pakhola, akukoka mwendo. Dzanja lakumanja silinadzuke. Mawu abwerera ochepa chabe: udzu, madzi, mawa. Palinso lina limene amalitchula bwinobwino osadodoma, akapeza a Lumo akupapasa makutu a kalulu amene wangogona tulo tabwinobwino.

"Inunso!"