Ulendo wa ku Dedza pa Galimoto Yopanda Segunda

Tinanyamuka ku Fonte Boa Lachinayi m'mamawa, nkhungu isanachoke m'madambo. Pampando wakumbuyo panagona mkazi wanga Nangozo, mutu uli pamiyendo ya amayi ake. Matenda anali atamuyamba dzana, mwana osatuluka. Azamba anali atagwa mphwayi, zipatala za kwathu nkhondo inali itatseka, ndiye chotsala chinali Dedza, kutsidya kwa malire.

Galimoto imene tinakwerayo inali yolumikiza. Thupi linali la galimoto ya mayi wina wa Chipwitikizi amene anathawa n'kuisiya pansi pa mpichesi, injini itafa. Inali yosintha yokha magiya, yopanda kilatchi, ndipo anthu ankaitcha galimoto ya alesi. Injini tinaichotsa m'karinya yanga, galimoto ya katundu ya magiya a pamanja, imene inaponda bomba lokwirira n'kuphwasuka kumbuyo konse, kutsogolo kuli bwinobwino. Zonse zinali za mtundu umodzi, ndiye a Zakariya, amakaniko a kwathu, anati zikwatirana. Anachotsa kilatchi ndi chigudumu cholemera cha kumbuyo kwa injini, n'kumangapo chimbale chopyapyala cha galimoto ya alesi, chonga chivundikiro cha poto. Petulo ndinasinthanitsa ndi thumba la nyemba.

Batire lokha ndilo linasowa. Limene linalimo linali lakufa, moti m'mawa umenewo tinailiza ndi la thalakitala ya mnansi wathu. A Zakariya anatsamira pawindo.

"Achimwene, musaizimitse mpaka mukafike. Iyi siilira ndi kukankha ngati karinya yanu ija. Ikazima, yazima."

Ndinawamva, ngakhale mawuwo anali achilendo. Zaka zimenezo galimoto iliyonse ku Angoniya inkagona pachitunda n'kudzuka ndi mapewa a anthu.

Msewu wa ku Ulongwe ndinauyenda ndikutsata m'mene munadutsa matayala a ena, pakuti kupatuka pang'ono kunali kuitana bomba. Mwendo wanga wamanzere unkangoponda pachabe kufuna kilatchi, ngati munthu wopalasa njinga yoduka tcheni. Apongozi anga, monga mwa mwambo, anali asanandilankhulepo maso ndi maso chikwatirire mwana wawo. Mawu onse ankadzera kwa iye.

"Nangozo, uwauze achepetse m'maenjemu."

Poyamba Nangozo ankabwereza. Titayandikira Ulongwe anasiya, koma amayi ake anapitiriza kumutuma, ine n'kumamvera.

Ku Ulongwe masitolo anali opanda zitseko. Pamsika, mayi wina wowotcha mbatata ya kachewere atasuzumira kumbuyo anathamanga nafe limodzi n'kuponya ziwiri pawindo. "Muwapatse odwalawo!" Sindinaime ngakhale kuthokoza, ndipo kachewereyo inazizirira pampando.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pamwamba pa chitunda china, mapiri a Dedza akuoneka ngati ungawagwire. Pamsewu panapingasa mtengo pa migolo iwiri. Msilikali wa milomo yong'aluka anabwera atagwira mfuti.

"Zimitsani."

"Pepani akuluakulu, ikazima siidzukanso. Taonani kumbuyoko."

Anayang'ana, nkhope n'kugwa, komabe anati, "Lamulo ndi lamulo, bambo. Galimoto yolira sitisecha. Wina anatigunda pompano sabata yatha. Zimitsani, tikukankhani tokha. Simukuona kutsetsereka konseku?"

Ndinafotokoza za chimbale, za kilatchi, za a Zakariya. Mnzake anakoka mfuti, inati khetye. Ndinapotoza kiyi. Bata limene linagwa pamenepo ndimalimvabe.

Kusecha sikunatenge nthawi, munalibe kanthu. Nditayesa kuiliza, batire linangoti tye, basi. Msilikali uja anasunga mawu ake. Anakoleka mfuti kumsana, anaitana anzake ndi anthu othawa nkhondo amene ankadutsa ndi mitolo pamutu, onse n'kuika mapewa. Galimoto inatsetsereka, liwiro n'kukwanira ndithu.

"Segunda! Ikani segunda!" ankakuwa m'mbuyo mwanga. Ankanena giya yachiwiri, imene aliyense kwathu amadziwa kuti ndiyo imadzutsa galimoto. "Tayani kilatchi, bambo! Segunda!"

Ndinakoka chitsulo cha magiya uku ndi uku, mwendo ukuponda pansi popanda kanthu. Injini yangayanga, imene ndinaidzutsa chotero zaka zonse, inali zii. Matayala ankazungulira, koma mphamvu yake siinkafika kwa iyo. Tinaima m'munsi pa kamlatho. Anafika ali wefuwefu, ena akundinyoza kuti sindidziwa kuyendetsa. Msilikali uja anathandiza kuzula mpando wakumbuyo, tinaumanga pa mitengo iwiri n'kugonekapo Nangozo, ndipo ananyamula nawo mpaka pamene malire a ntchito yake anathera.

Kuchokera pamenepo tinayenda wapansi, anthu osawadziwa akulandirana nafe machilawo. Pa Kalomwe tinaoloka malire dzuwa litapendeka, ndipo lole ya fodya inatitenga ulere mpaka kuchipatala. Mwana anamutulutsa wamoyo, wamkazi. Nangozo sanadzuke. Namwino anati tikanafika masana zikanatheka, ndipo ndikanakonda akanapanda kundiuza.

Ndinakhala pakhonde la chipatala, mtima uli wowawa, ndikusowa woti ndimukwiyire. A Zakariya anagwira ntchito yabwino ndipo anandichenjeza. Msilikali ankaopa kufa ngati ine. Anthu okankha aja anapereka mphamvu zawo zonse pa nzeru imene inali isanawanamizepo. Ndinaphunzira kuti injini ikalowa m'thupi la eni imatsata malamulo a kumeneko, ngati mkamwini.

Apongozi anatuluka atafukata mwana. Panalibenso womutuma. Anaima patsogolo panga, nandiyang'ana m'maso koyamba.

"Bambo, mawu omaliza amene mwana wanga anamva ndi aja ankakuwa anthuwa. Anandifunsa kuti, 'Amayi, akuitana ndani?' Ndiye amene ankaitanidwayo ndi uyu."

Dzina lake ndi Segunda. Pa Chipwitikizi liwulo limatanthauzanso Lolemba, ndiye anthu akamva amati anabadwa tsiku loyamba ntchito. Ine sindiwatsutsa. Anabadwa Lachinayi.