Kamera yochedwa ya akazi anga

Kamera yoyamba m'nyumba mwathu ku Mogoditshane, kufupi ndi Gaborone, anagula ndi akazi anga. Inali yachitsulo, yolemera, yodya mabatire anayi. Inagwapo pasimenti kangapo koma sinasweke, kachitseko ka mabatire kokha ndi kamene tinkamanga ndi mphira. Vuto lake linali kuchedwa. Ukadina batani inkayamba yaganiza kaye, n'kudzajambula zinthu zitadutsa.

Akazi anga anaizolowera. Pa ubatizo wa ana kumpingo kwathu, abusa ankathira madzi kamodzi kokha, akafika pa mawu akuti "ndi la Mzimu Woyera." Iwo ankadina abusa akangoti "ndi la Mwana," ndipo chithunzi chinkatuluka madzi ali pamphumi. Atamwalira, ntchito yojambula inagwera ine, ndipo ndinatengera kadinidwe kawo komweko.

Kenako mwana wanga wamkazi anabereka, khandalo n'kulipatsa dzina la malemu akazi anga. Apongozi anga ku Ntcheu, amayi a malemuwo, sakanatha ulendo wa ku Gaborone, maso awonso anali atafooka. Anapempha chinthu chimodzi: chithunzi chachikulu cha ubatizo, choti aone nkhope bwinobwino. Zithunzi za kamera yathu ukazikulitsa nkhope zinkachita chimbuuzi.

Ndinakwera kombi kupita m'tauni, kamera yakale ili m'thumba la jekete. M'sitolo ya makamera ndinapeza mayi wogulitsa wa ku Zambia. Ndinamupatsa moni wa Chitswana, koma atangomva "dumela" wanga anaseka.

"Ba tate, kambani chabe Chinyanja. Ndimwe a ku Malawi imwe."

Ndinatulutsa kamera ija. Anaitembenuza uku akugwedeza mutu.

"Iyi ni njerwa! Mungamangile nyumba."

"Njerwa yomweyi yabatiza theka la mpingo, mayi."

Anandiikira kamera ziwiri zatsopano patebulo. Ina inali yopyapyala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, yonyezimira, yamamegapikiselo ambiri, omwe akuti ndi amene amachititsa chithunzi kuoneka bwino chikakulitsidwa. Koma chala changa chinkadina mabatani awiri nthawi imodzi, ndipo pulasitiki yake inkalira ndikaifinya. Inayo inali yonenepako, yokhala ndi pogwirira, mamegapikiselo ocheperapo koma diso lake lalikulu. Tinatuluka nazo pakhonde kukaziyesa padzuwa. Yopyapyala ija inayeretsa malaya anga mpaka mabatani osaoneka, ndipo ndinaganiza za amayi a mpingo ndi mabulauzi awo oyera. Yonenepayo inaonetsa ngakhale pamene akazi anga anasokerera kolala.

Sindinagule tsiku limenelo. Ndinkaona ngati ndikuwachotsa ntchito malemu. Ndinabwerera sabata yotsatira, mayi uja n'kundilandira kuti, "Mwabwela, ba tate? Njerwa yavomela kupumula?" Ndinatenga yonenepa ija.

Lamulungu la ubatizo ndinaima pamalo a akazi anga, pafupi ndi zenera. Mwana wanga anandinong'oneza kuti, "Adadi, musanjenjemeretu." Abusa anayamba: "M'dzina la Atate, ndi la Mwana..." Chala changa chinadina chokha, monga chinkachitira zaka zonsezi. Koma kamera iyi sinkaganiza kaye. Inajambula pompo, dzanja la abusa likadali m'mbale. Yakale ija ikanafuna kupuma isanajambulenso, ndipo madzi akanandidutsa. Ndinadinanso mosayembekezera kanthu. Inajambula, madzi akutsika pamphumi, khanda litatsegula kukamwa kuti lilire.

Ndinakatsukitsa zithunzi zonse ziwiri zikuluzikulu, n'kupatsira m'bale wa mumpingo amene ankapita kumudzi. Patapita masabata, apongozi anaimba pa foni ya mlamu wanga. Cha madzi chija akuti anachikhoma pakhoma kuti alendo aziona. Koma chimene ankagona nacho kumutu ndi choyamba chija, cholakwika, pomwe khanda linali chete likuyang'ana kuzenera kumene ndinaima.

"Bambo," anatero, "ndachiyandikiza kumaso ndithu. Mphumi imeneyi ndi ya mwana wanga."

Ndinayankha kuti ndi choncho, amayi. Pamene tinkalankhulapo, kamera yakale inali pamwamba pa kabati, mphira wake ali pomwepo, ndipo ikadali pomwepo mpaka lero.